Kutsata mapazi a Rory Gallagher: Dublin, Ballyshannon mpaka Cork

Lachitatu usiku, Dublin

Chikwama ndalongedza kale, gitala ili pakhomo m'thumba lake, mawa mmamawa tikunyamuka ine ndi alamu anga. Ena mwakhala mukundifunsa kuti tchuthi chonsechi ndikukachithera bwanji m'matauni ang'onoang'ono mmalo mogona nkupumula, ndiye ndati ndizilemba tsiku ndi tsiku mumve nokha.

Nkhaniyi inayambira kuntchito. Ndimagwira kunyumba yosamalira okalamba ndipo Lamlungu lina ndinapita ndi gitala yanga kuti ndikawaimbire agogo aja nyimbo ziwiri zitatu akamamwa tiyi. Gitala yake ndi yakale, ndinagula kwa munthu itagwira kale ntchito, penti inasupuka pamene mkono umatsamira ndipo ndinali nditaganiza zokaipakitsa ina. Agogo ena aamuna a ku Cork, amene masiku ambiri samayankhula ndi munthu, anandikodola ndi chala nkuitenga gitalayo, anasisita pamalo osupukawo nthawi yaitali ndithu kenako anati, mwana wanga usadzaipake penti iyi, ya Rory inali yoposa apa. Amanena Rory Gallagher, katswiri wa gitala ya blues ndi rock wa kuno ku Ireland, koma ine Rory yo sindimamudziwa nkomwe. Kuyambira tsiku limenelo ndikakhala pa shifiti ya usiku iwo tulo tikawathawa timatsegula foni nkumamvera pansipansi, iwo akundilozera kuti apa tamvera apa, ndipo chimbale chomwe samatopa nacho chinali Irish Tour '74 chifukwa pojambula zina mwa nyimbozo ku City Hall ya ku Cork mu Januwale 1974 iwo anali momwemo, mnyamata wa tsitsi lofika m'mapewa. Agogowo anatisiya mu Febuluwale. Ulendowu ndi umene timapangana kuti ndidzayenda nkudzawauza zomwe ndaona.

Masana ano ndinayamba ndi pafupi, ku Temple Bar. Pali ngodya ina yotchedwa Rory Gallagher Corner, pamwamba pa khoma anapachikapo gitala yachitsulo yofanana ndi Fender Stratocaster yake, anaiika mu 2006. Anthu amangodutsa pansi pake ndi makamera awo osakweza maso, ine ndinaima mpaka khosi kuwawa. Mu Dublin momwemu ndi mmene gitala yeniyeniyo inabedwa iye adakali mnyamata, apolisi anailengeza pa pulogalamu yawo ya pa TV ya Garda Patrol, wakubayo ataona kuti katunduyu watentha anakaitaya ndipo inapezeka itagona panja ikuvumbwa ndi mvula. Anaipukuta nkupitiriza kuimba nayo mpaka kumwalira kwake.

Lachinayi, Ballyshannon

Tafika koma mozungulira. Basi yachidule yochoka Dublin kupita ku Donegal imadutsa ku Enniskillen, komwe ndi Northern Ireland, dziko la UK, ndipo alamu abwera chaka chatha kudzaphunzira, viza ya UK alibe. Pamalirepo palibe geti kapena msilikali koma sitinafune kuchita chibwana ndi mapepala a munthu, ndiye tinakwera sitima pa Connolly mpaka Sligo, maola atatu, kenako basi. Tikudutsa phiri la Ben Bulben lomwe pamwamba pake ndi pathyathyathya alamu anati, alamu ili likukumbutsa la kwathu ku Zomba koma lathu lija ndi lalikulu, nkubwezera mahedifoni m'khutu. Iwo ndi a reggae, abwera kudzandiperekeza chabe.

Ballyshannon ndi katauni kakang'ono kotsetsereka, msewu waukulu umachoka pamtsinje wa Erne nkukwera chitunda. Rory anabadwira kuno pa 2 Marichi 1948, ku chipatala chotchedwa Rock Hospital, bambo ake anali pa ntchito ya magetsi nthawi yomwe amamanga damu pamtsinje umenewu. Sanakhalitse, banja linasamukira ku Derry iye ali khanda kenako ku Cork, koma anthu a kuno amutenga ngati mwana wawo weniweni ndipo chaka chilichonse kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni amachita chikondwerero cha masiku angapo chomukumbukira. Chayamba lero.

Chiboliboli chake chili pakati pa tauni, anachiika mu 2010. Wawerama chammbuyo, gitala wainyamula, tsitsi lili balala ngati wangotembenuka kumene. Ndinagwira dzanja lakumanzere lomwe lili pa mawaya, chitsulo chinali chozizira. Pafupi ndi ife panali anthu akuyankhula chijeremani, ena chidatchi, ena chifalansa, ambiri a imvi, ndipo pafupifupi aliyense wavala shati ya mabokosibokosi chifukwa ndi yomwe iye ankavala pa siteji, shati wamba ngati ya munthu wopita kumunda, ndi jinzi.

Lachisanu, Ballyshannon

Lero ndi nyimbo kuyambira masana mpaka pano pamene ndikulemba makutu akulira. Amaimba pamsewu penipeni, m'mabala, usiku mu tenti yaikulu. Bandi ikatsika ina ikukwera ndipo ambiri akuimba nyimbo zake zomwe zija, koma sizikutopetsa chifukwa aliyense akuzigwira mwake. Kamnyamata kena kosapitirira zaka 15 kanaimba Bullfrog Blues mpaka azigogo anataya ndodo.

Kunja kwa bala ina ndinakhala pa benchi limodzi ndi bambo wina wa ku Holland amene anandiyalira mbiri yonse ngati akuwerenga mayina a ana ake. Zina ndimazidziwa kale kwa agogo aja. Rory anayamba gitala ali ndi zaka 9, blues amaimvera pa wailesi usiku, masiteshoni a Radio Luxembourg ndi ya asilikali a ku America, chifukwa ku Ireland nthawi imeneyo zimbale za Muddy Waters kapena Lead Belly kuzipeza kunali kovuta. Ali ndi zaka 15 analowa bandi ya Fontana, zija amati showband, ovala masuti ofanana akuimba nyimbo za eni ake m'maholo a dansi usiku wonse kuti anthu avine. Sikunali kukonda kwake koma kumeneko ndi kumene anaphunzira kuima pa siteji maola ambiri osatopa. Mu 1966 anayambitsa Taste, anthu atatu basi, gitala, besi ndi ng'oma. Taste ndi yomwe inatsegulira bandi ya Cream pa konsati yawo yotsanzikana ku Royal Albert Hall mu Novembala 1968, inayenda ndi bandi ya Blind Faith ku America mu 1969, ndipo mu Ogasiti 1970 inaimba pa chikondwerero cha nyimbo cha ku Isle of Wight pamaso pa chinamtindi cha anthu, oimbawo ali pa mkangano woti samayankhulana bwino koma anthu anawabweza pa siteji kangapo. Chaka chomwecho bandi inatha, iye nkuyamba kuimba pa dzina lake ndi Gerry McAvoy wa ku Belfast pa besi, amene anakhala naye zaka 20.

Koma chimene chandigwira mtima lero si mbiriyo ayi. Madzulo munthu wina anakwera yekha ndi gitala ya chitsulo ija ya National, wavala kachitsulo kobowoka ku chala nkumakakhwekhwereza pa mawaya, gitala ikulira ngati munthu. Ndinazizidwa thupi lonse. Agogo anga aamuna kwathu ku Thyolo ankaimba chimodzimodzi, iwo amati hauyani, gitala kuigoneka pamiyendo nkumayendetsa kabotolo pa nsambo, ndipo ine ndili mwana ndimaona ngati ndi zachikale zochititsa manyazi, ndimafuna kiyibodi. Kaimbidwe kameneka amati slide. Rory slide yake anaitenga kwa anthu akuda a ku Mississippi ndi Chicago, agogo anga anaitenga kwina, koma kulira kwake ndi kumodzi. Alamu anavula mahedifoni nkundigwira phewa, alamu kodi uyu si Namoko uyu? Amanena Allan Namoko. Sindinawayankhe, kukhosi kunali kutatsekeka.

Ndipo pa nkhani ya zida, munthuyu analibe zambiri. Gitala ija, ampu ya Vox AC30 ndi kabokosi kakang'ono kokweza mawu akuthwa kotchedwa Rangemaster. Brian May wa bandi ya Queen amanena yekha kuti ali mnyamata anatsalira ku Marquee Club ku London konsati itatha nkumufunsa Rory kuti mawu amenewa mumawapeza bwanji, iye anamuonetsa zonse osabisa, ndipo May anakagula zomwezo. Oimba angati amene angakuuze chinsinsi chawo ukawafunsa?

Loweruka, Ballyshannon

Belfast, ku Northern Ireland, sitipitako chifukwa cha viza ija, ndipo zikundiwawa chifukwa mu Januwale 2025 anaika chiboliboli chake china panja pa Ulster Hall. Koma lero Belfast inabwera yokha kudzatipeza.

Mvula inagwa mmawa wonse ndiye tinabisala mu kafe ina, tebulo limodzi ndi mayi wachikulire ndi amuna awo, a ku Belfast onse. Ataona gitala yanga anafunsa komwe timachokera, nkhani nkuyamba. Mayiwo anati iwo anakulira mbali ya Akatolika, amuna awo mbali ya Apolotesitanti, ndipo nthawi ya mavuto aja, omwe kuno amangowatchula kuti Troubles, kumapeto kwa msewu wawo kunali malire omwe mwana samadutsa. Mavutowo anatenga zaka pafupifupi 30 mpaka pangano la 1998, anthu oposa 3,500 anafa, ndipo chaka choipitsitsa chinali 1972. Mabandi akuluakulu a ku England ndi America anasiya kubwera ku Belfast, ndani angafune kufera nyimbo. Rory amabwerabe. Pa 1 Januwale 1972 anaimba ku Ulster Hall mabomba ataphulika mumzindamo usiku wa dzulo lake, ndipo anapitiriza kubwera chaka ndi chaka. Kuopsa kwake sikunali kongoyerekeza, mu Julaye 1975 oimba atatu a Miami Showband anaphedwa pamsewu usiku akuchokera kokaimba, ataimitsidwa pa rodibuloko yabodza.

Mayiwo amayankhula akuzunguliza supuni mu kapu yopanda kanthu. Anati mu holomo palibe amene amafunsa mnzake kuti umapemphera kuti, maola awiri atatu mumangokhala ana a mumzinda umodzi, thukuta lili kamukamu, mukatuluka aliyense alowere kwawo mwamantha. Anati Rory samalalikira za ndale pa siteji, amangotuluka, kupereka moni mwaulemu ndi mawu otsika ngati mwana wamanyazi, kenako gitala. Amuna awo sanayankhule zambiri, anangoti, amabwera, basi, ena samabwera koma iye amabwera.

Ndakhala ndikuganiza mawu amenewa tsiku lonse. Kwa ine ukulu wa munthuyu wagona pamenepa kuposa pa liwiro la zala zake. Owerenga nyuzi ya Melody Maker anamusankhapo kukhala katswiri wa gitala woposa onse, Eric Clapton ali pambuyo pake. Muddy Waters mwini wake anaimba naye pa chimbale chomwe anajambula ku London. A Rolling Stones anamuitana ku Rotterdam mu Januwale 1975 woimba gitala wawo Mick Taylor atachoka, anaimba nawo masiku ochepa kenako ananyamuka kupita ku Japan chifukwa kunali makonsati ake omwe anthu anali atagula kale matikiti. Amakananso kutulutsa masingo oti azimveka pa wailesi ngakhale makampani amamukakamiza, iye amafuna munthu amve chimbale chonse kapena abwere adzamuone akuimba. Ena amati anadzimana yekha kutchuka. Mwina ndi zoona, koma mayi aja ndi amuna awo akhala limodzi zaka zonsezi ndipo chaka chilichonse amabwera kuno.

Usiku alamu anavina Shadow Play kutsogolo kwenikweni kwa siteji, shati ya mabokosi agula yawo.

Lamlungu, panjira

Tsiku lonse m'basi. Ballyshannon, Sligo, Galway, kusintha basi, Limerick, kenako Cork kukuda. Ng'ombe, nkhosa, makoma a miyala, mvula kugwa nkusiya nkugwanso. Ndinamvera A Million Miles Away mwina kasanu, nyimbo ya munthu amene ali pakati pa anthu ambiri akusangalala koma mtima wake uli kutali, ndipo aliyense wa ife amene tili kunja kuno akuidziwa ngakhale sanaimvepo. Alamu anagona kuyambira Galway. Miyendo yatupa, ndikagone.

Lolemba, Cork

Cork ndiye kwawo kwenikweni. Anafika kuno ali mwana ndi mayi ake ndi mng'ono wake Dónal, amene pambuyo pake anadzakhala manejala wake kwa zaka zambiri. Amakhala ku MacCurtain Street komwe agogo awo anali ndi bala, ndiye tinayambira kumeneko mmawa, kuyenda msewu wonse pang'onopang'ono, kenako kuwoloka mtsinje wa Lee kupita ku Merchant's Quay. Apa ndi pamene panali shopu ya zoimbira ya Crowley's, pomwe mu 1963 mnyamata wa zaka 15 anaona Stratocaster ya 1961 yogwiritsidwa kale ntchito, mtengo wake mapaundi 100, ndalama zambiri zedi nthawi imeneyo. Mwini wake woyamba anali woimba wa Royal Showband amene amafuna yofiira koma kunabwera ya mtundu wina. Rory anaitenga pa ngongole yolipira pang'onopang'ono. Ndi yomwe ija inabedwa ku Dublin, ndi yomwe ija ili pa zithunzi zonse, penti itatha pafupifupi yonse mpaka thabwa kuonekera, osati chifukwa choikwecha dala ngati mmene mafakitale amachitira masiku ano kuti gitala ioneke yakale, koma thukuta ndi mkono, usiku ndi usiku, zaka zoposa 30.

Mu Okutobala 2024 banja linaigulitsa pa okushoni ya Bonhams ku London ndipo inapita pa mapaundi 700,000. Anthu a kuno anada nkhawa kuti ipita kwa munthu wolemera wa kunja nkukatsekeredwa m'nyumba, mwana wamkazi wa mwini shopu uja mpaka anayambitsa zosonkhetsa ndalama, koma mapeto ake amene anaigula anaipereka ku National Museum of Ireland. Agogo a ku Cork aja tsiku limenelo anandiuza kuti ndiwawerengere nkhaniyo kawiri.

Tinadutsa pa Rory Gallagher Place, kabwalo kakang'ono pafupi ndi Paul Street pomwe pali chosema chomukumbukira, tinalowanso mu laibulale ya mzinda ku Grand Parade yomwe gawo lake la nyimbo linapatsidwa dzina lake. Koma mtima wanga unali ku City Hall. Ndi chinyumba cha miyala yotuwa m'mbali mwa mtsinje, lero kunalibe zochitika, zitseko zotseka. Ndinaima pa masitepe ndikuyesa kuwaona agogo aja ali ndi zaka makumi awiri, ali pamzere m'chisanu cha Januwale, tikiti m'manja. Ine ndinawadziwa ali pa wilitcheya, manja akunjenjemera moti kapu ndimawagwirira, koma nyimbo ya mandolin ija ya Going to My Hometown ikafika phazi lawo limagunda pansi osaphonya, ndipo amati usiku umenewo holo yonse imagunda mapazi choncho mpaka pansi kugwedezeka.

Masana tinakwera basi kupita kumanda a St Oliver's, kunja kwa mzinda chakumadzulo, njira ya ku Ballincollig. Zaka zake zomaliza zinali zowawa. Anayamba kuopa ndege, mankhwala omwe amamwa kwa nthawi yaitali kuphatikiza mowa zinamuwononga chiwindi, thupi linasintha, komabe amakwera pa siteji. Chimbale chake chomaliza, Fresh Evidence, chinatuluka mu 1990 ndipo kwa ine ndi chimodzi mwa zabwino kwambiri, blues ya munthu wamkulu amene waona zinthu. Mu Januwale 1995 anadwalira pa ulendo ku Netherlands, mu Marichi anamuika chiwindi china ku London, koma matenda ena anamulowa ali m'chipatala ndipo anamwalira pa 14 Juni 1995 ali ndi zaka 47. Sanakwatire, sanasiye mwana. Anamubweretsa kuno ndipo anthu anadzaza m'misewu kumuperekeza.

Manda ake sitinavutike kuwapeza, bambo wina wotchetcha udzu anangoona thumba la gitala nkutilozera ndi mutu. Pamandapo panali maluwa ena ofota ena atsopano, timapepala tolembedwa m'zilankhulo zosiyanasiyana topsinjidwa ndi timiyala kuti mphepo isatenge, ndi mapiki a gitala, timapulasitiki tija toimbira mawaya, ambirimbiri, ofiira, akuda, ena atachita ndere. Alamu anavula chipewa nkunena kuti, alamu, kumanda sitifika chimanjamanja, imbani kena kake. Ndinatulutsa gitala, zala zitauma ndi mphepo, ndinabwereka kabotolo ka mafuta onunkhira komwe alamu amayenda nako m'thumba, ndinaigoneka gitalayo pamiyendo nkuimba nyimbo ya agogo anga a ku Thyolo mmene ndikuikumbukira, theka lake lokha chifukwa mawu ena ndinaiwala. Bambo wotchetcha uja anazimitsa mashini ake mpaka nditamaliza. Piki yanga ndinaisiya pamenepo, ndinatchula dzina la agogo a ku Cork aja mokweza kuti amve kuti ndafika.

Waya wachitatu waduka tikubwerera, ndikuganiza ndi kuzizira kuja. Sitima ya ku Dublin inyamuka pa Kent Station mawa 9 koloko, ndipo Lachitatu ndili pa shifiti ya usiku. Alamu akufunsa ngati chaka chamawa viza ikatheka tingadzayambire ku Belfast.